Mgolo Wabuluu wa a Dainess

Mukatsika minibasi pa Limbuli n'kulowa njira yafumbi yodutsa m'mphepete mwa minda ya tiyi, musadzivute kufunsa kuti kwa a Namakhwa ndi kuti, chifukwa anthu adzangoyang'anana. Funsani kuti otheka weniweni ali kuti, ndipo ngakhale wakabaza wopemphera, amene sanalawepo mowa chibadwire, adzakutulani pakhomo pa a Dainess. Otheka ndi mowa wa masese m'Chilomwe, chinenero cha makolo awo, koma musayerekeze kunena choncho iwo akumva. Amati masese amaphika ndi anthu ena, iwo amafulula otheka.

A Dainess Namakhwa ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi. Agogo awo anawoloka mtsinje wa Muloza kuchokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, ndipo iwo anabadwira m'malayini a pa esiteti, momwe munthu akatsokomola m'nyumba yoyamba, a nyumba yachitatu amamufunsa m'mawa kuti chifuwacho chili bwanji. Anakula dengu lili kumsana, anakwatiwa ndi a Evance, mlonda wa pafakitale, nabereka ana awiri. A Evance atamwalira, kampani inachita zaulemu: inapereka bokosi, inaperekanso thirakitala yonyamula maliro. Misozi isanaume, inatuma kalaliki kudzatenga makiyi a nyumba.

Anabwerera pamalo a mayi awo, pomwe panali kamunda ndi kanyumba ka njerwa zosawotcha. Mwana wawo wamkazi anali atakwatiwa ku Ndirande, wamwamuna atalowera ku Joni, komwe amakumbukira mayi ake pa Khirisimasi pokha. Apa mpamene a Dainess anazindikira chinthu chimene sankachidziwa za iwo eni: amaopa bata. Njoka saopa, afiti saopa, koma pakhomo pakangoti zii, mtima umawathamanga. Anthu amaganiza kuti anayamba kufulula chifukwa cha umasiye ndi umphawi, ndipo n'zoona pang'ono. Koma chachikulu n'chakuti mowa umabweretsa anthu, ndipo anthu amabweretsa phokoso. Iwo eni samwa. Amangoviika nsonga ya lilime, kutsinzina, n'kulavula, basi adziwa ngati wapsa.

Pakhomo pawo pali malamulo, ndipo sanalembedwe paliponse poti aliyense anawamva mokuwa. Woyambitsa ndewu amatsuka zipanda. Wotukwana mayi a mnzake amakamwera padzuwa. Dzuwa likalowa kuseri kwa phiri aliyense azipita kwa mkazi wake, ndipo n'chifukwa chake amayi a m'mudzimo, ngakhale amadandaula za mowa, a Dainess sadana nawo. Lamulungu mudzawapeza kutchalitchi akuimba kwaya, mawu atasasa ndi kukalipira zidakwa dzulo lake.

Loweruka lililonse ankamangirira kansalu koyera kunsonga ya nsungwi, ndipo dzuwa lisanapendeke mabenchi a pansi pa mtengo wa mapeyala ankadzaza. Woyamba kufika anali a Lackson, nkhalamba yopuma ntchito yothyola tiyi, imene mano anaithera koma nkhani ayi. Kenako a Isake, okonza njinga pamsika, amene foni yawo inkadziwa zonse za padziko. Omaliza kufika, koma omveka asanaoneke, anali a Lenard, opopera mankhwala ophera udzu m'minda ya tiyi. A Lenard anali mnzawo wapamtima wa malemu a Evance, motero iwo ndi a Dainess ankaitanana kuti alamu, ndipo ankakangana ngati alamu enieni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Isake anakweza foni m'mwamba.

"Tamverani izi, abale anga. Akuti kwa azungu uko akatswiri ayeza mowa wa m'mabotolo, apezamo mankhwala ophera udzu. Akuti amachokera kumunda, amalowa m'mbewu, mpaka kukafika m'botolo. Anthu akwiya, akuti sagulanso mpaka ofulula asinthe."

Pabwalo panagwa chimwemwe. Anthu amene chaka chonse amasekedwa ndi makalaliki kuti amamwa phala anali atapeza pobwezera. A Lenard anakwera pabenchi.

"Ndimanena ine! Mankhwala amenewo ndimawadziwa, ndimawabereka kumsana tsiku ndi tsiku. Udzu wotalika chonchi, sabata isanathe wapsa! Nanga m'mimba mwa kalaliki? Ife tili pabwino, tikumwa za alamu anga, zochokera m'manja oyera!"

A Dainess anamva kukoma, nathira basela m'chipanda cha aliyense. Mowa unatha msanga m'ndowa, ndipo anapempha a Isake kuti akawathandize kutunga wina kuseri kwa nyumba. Kumeneko ndiko kunali mgolo.

Unali mgolo wa pulasitiki wabuluu, wa chivindikiro chothina bwino, momwe mowa unkagona n'kuwira ukachoka pamoto. A Dainess ankaukonda kwabasi, poti sunkachita dzimbiri, sunkadontha, ndipo mbuzi inkalephera kuugwetsa. A Isake powerama anaona kachidutswa ka pepala kosuluka kotsalira chapansi, koonetsa tizithunzi: magolovesi, jombo, ndi munthu wophimba kumaso. Munthu wa foni sasunga nkhani. Anaitana anzake.

Anthu anaunjikana kuseri kwa nyumba zipanda zili m'manja. A Lenard anagwada, nayang'ana kapepalako, nanunkhiza chivindikiro, nadzuka nkhope itagwa.

"Uwu ndi mgolo wa mankhwala aja."

A Lackson analavula zimene zinali m'kamwa, kenako anayang'ana pansi modandaula kuti ataya mowa.

"Alamu," anatero a Lenard mawu akukwera, "mwakhala mukutimwetsa chiphe zaka zonsezi? Mgolo uwu munautenga kuti?"

A Dainess anagwira m'chiuno. "Mukufunsa ine? Si inu amene munaugubuduza kuchokera kuseri kwa sitolo ya kampani, chaka chimene achimwene anu anamwalira? Munati, 'Alamu, ndilibe chopepesera, landirani kamgoloka.' Ndinautsuka ndi phulusa, ndi mchenga, ndi mandimu, ndinauyanika padzuwa mpaka fungo linatha. Lero mwaiwala?"

Munthu wina akanakhala pansi ndi manyazi. A Lenard manyazi amawakwezetsa mawu. Anati nthawi imeneyo anali asanadziwe, anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anati ngati azungu akutha kukana, anthu a pa Limbuli alephera bwanji. Ndipo poti chiyambire ulamuliro wa zipani zambiri Mmalawi akakwiya amapanga komiti, komiti inapangidwa pompo pansi pa mtengo wa mapeyala. A Lenard tcheyamani, a Isake mlembi, ndipo a Lackson anasankhidwa kukhala mlangizi iwo akusinza. Mfundo zinali ziwiri: mgolo uchoke, ndipo chimanga cha mowa chikhale chopaliridwa ndi khasu, chosaonapo mankhwala. Kupanda kutero, palibe wopondanso pakhomopo. Atagwirizana, anamaliza kaye mowa umene unali m'zipanda, poti sunali woti n'kubwezera m'ndowa.

"Pitani!" anakuwa a Dainess. "Ludzu likubwezani lokha!"

Loweruka lotsatira anafulula mwadala mumgolo womwewo, nakweza kansalu. Komiti inabweradi, koma inakakhala tsidya la msewu pachulu, ikutafuna nzimbe n'kumawayang'ana. A Dainess anatunga chipanda, nachikweza m'mwamba, namathira mowa m'ndowa pang'onopang'ono kuti thovu lioneke bwino. A Lackson anaimirira osadziwa, ndipo anzawo anachita kuwakoka jekete kuti akhale pansi.

"Nzimbezo ndi zopaliridwa ndi khasu, a tcheyamani?" anafunsa a Dainess modutsa msewu.

"Komiti siyankha mafunso a woimbidwa mlandu!" anayankha a Lenard.

Tsiku limenelo linali labwinoko, poti ankatha kutukwanizana. Koma nzimbe sizingasunge mwamuna wamkulu Loweruka lachiwiri. Sabata yotsatira onse anasamukira pa Limbuli, kukamwa kachasu ndi timabotolo tochokera kutsidya kwa malire, tomwe palibe amene amadziwa zomwe zili m'kati mwake. Pa zimenezo komiti sinapereke mfundo iliyonse.

Mowa unasasa mumgolo. Anautaya kudzala, ndipo nkhuku za a Esteri, mayi woyandikana nawo nyumba, zinakhala zikudzandira mpaka madzulo. Koma a Dainess sanaseke. Ankakhala okha pabenchi yaitali, n'kumamva tsamba likugwa. Mwana wawo wa ku Ndirande atamva, anaimba foni kuti amayi asiye zovutikazo, akakhale nawo kutauni. A Dainess anayankha kuti aganiza kaye. Ankadziwa kuti ku Ndirande phokoso lilipo lambiri, koma ndi phokoso la eni ake, losadziwa dzina la munthu, ndipo bwalo lawo likafa, kumeneko ndiye kunali kopita.

Chinawapweteka kwambiri n'chakuti mawu a mlamu wawo anayamba kuwalowa. Anakumbukira fungo la mgolo tsiku limene unafika, fungo lachilendo lokanda kukhosi. Anakumbukira kuti a Lackson amadandaula m'mimba pafupipafupi, ngakhale kuti a Lackson amadya chilichonse chimene sichinawathawe. Nanga ngati zinali zoona? Kutukwanidwa anali atakuzolowera, koma kuganiza kuti dzanja lawo lomwe lingapweteke anthu amene ankawatenga ngati abale kunawasowetsa mtendere.

Tsiku la msika anakumana ndi mlangizi wa zaulimi, namufunsa ngati akufunsira munthu wina. Mlangiziyo anati iye sangadziwe ngati mowa wa munthuyo unali ndi kanthu, poti zoyezera zili kutali. Koma anati mgolo wa mankhwala sausandutsa chiwiya cha chakudya ngakhale utatsukidwa motani, ndipo umayenera kubooledwa kuti wina asautole.

A Dainess anabwerera kunyumba, nagubuduzira mgolo pabwalo, natenga nkhwangwa. A Esteri anaona ali pamtondo, nathamanga ufa uli m'manja.

"Achemwali, mwapenga kodi? Mgolo wabwinobwino! Ngati simukuufuna ndipatseni ine, ndizisungiramo madzi."

"Kuti adzukulu anu azimwa?"

"Ndiye ndizisungiramo chimanga."

"Ayi."

"Chivindikiro chokhacho, achemwali, ndizivundikirira ufa."

Amayi ena anafika, aliyense ali ndi ntchito yake ya mgolowo. Kuno kwathu kuwononga mgolo ndi chinthu chosamveka, n'chimodzimodzi kupha ng'ombe yamkaka n'kuikwirira. A Dainess anatseka maso, natema. Mgolo unalira kuti phoo! Anatemanso, natemanso, ndipo misozi inatsika, poti kaya unali woipa motani, unali chipepeso cha pamaliro a mwamuna wawo. A Esteri analira nawo, koma iwo ankalirira mgolo.

Nkhani inafika ku komiti tsiku lomwelo, ndipo a Isake anabwera kudzajambula mabowo ndi foni. Yankho linabwera loti mfundo yoyamba yatheka, yatsala yachiwiri. A Dainess anakagula chimanga kwa amalonda a ku Mozambiki pamsika, poti amati kumeneko khasu likadali ndi ulemu wake. A Lenard anatumiza mawu kuti chimanga sichilankhula: anachiona ndani chikupaliridwa?

Apa a Dainess anapsa mtima zenizeni, ndipo iwo akapsa mtima ndi pamene nzeru zimabwera. Mvula yoyamba inali itagwa, chimanga chawo chitamera. Zaka zonse iwonso ankaitana munthu kudzawapoperera munda asanabzale, monga achitira wina aliyense masiku ano, poti aganyu anakwera mtengo. Chaka chimenecho, chifukwa cha mkanganowu, sanatero, ndipo udzu unamera ngati wachita kuitanidwa. Anamanga chitenje chatsopano, napita pa Limbuli tsiku la malipiro, nalowa m'kachisakasa momwe komiti inkamwera.

"Moseliwa, a komiti." Anawapatsa moni wam'mawa wa Chilomwe dzuwa lili pamutu, poti nkhope zawo zinali za anthu ongodzuka kumene. "Ndabwera ndi funso. Pano nonse muli ndi minda. Amene munda wake sunaone mankhwala chaka chino akweze dzanja, ndidzamugule chimanga."

Manja onse anapeza zochita. Wina anayamba kukanda bondo, wina kusaka machesi m'thumba. A Isake anayang'anitsitsa foni yozima.

"Anyani kusekana zikundu!" anatero a Dainess. "Mukufuna mowa wa khasu, pomwe makasu anu akuchita dzimbiri kutsindwi? Chabwino. Munda wanga sunapoperedwe. Loweruka pali dima. Munati mukufuna kuona ndi maso, ndiye bwerani mudzaone ndi misana yomwe."

Dima ndi mwambo umene achinyamata a lero amangoumva: mwini munda amafulula mowa, anansi amabwera ndi makasu, ntchito ikatha amakhala pansi n'kumwa. A Lackson, amene anayamba kupita kudima akadali ndi mano onse, anafunsa funso lofunika.

"Nanga mowa wa dimalo uli kuti, mwana wanga?"

"Uli m'munda, bambo. Ukadali kumera. Mudzamwa tikakolola."

Dima lotere silinamvekepo chiyambire. Koma komiti ingakane bwanji mfundo yake yomwe? A Lenard, amene sanagonjepo pagulu, anamenya tebulo, nati khasu silinama, Loweruka aliyense pamunda, wojomba achotsedwa mu komiti.

Anabwera, si onse, koma okwanira. Makasu ambiri anali obwereka kwa akazi awo, ndipo akaziwo anaperekeza amuna awo mpaka pamunda kuti adzaonere zodabwitsazi. Phiri linali litafunda mitambo, nthaka ili chinyontho, khovani ndi chisoso zitayala m'mizere yonse. A Isake anatuluka matuza mzere woyamba usanathe, nayamba kufotokoza kuti ntchito ya mlembi ndi kuyang'anira. Palibe anawamvera. A Lackson anakhala pachitsa n'kumatsogolera nyimbo za Chilomwe, akumaloza ndi ndodo pomwe patsala udzu. A Dainess ankayenda m'mbuyo mwa olimawo manja ali m'chiuno.

"Icho ndi chimanga, a Isake, si udzu! Mwadula chipanda chathunthu pamenepo!"

Masana anabweretsa nyemba za kalongonda, chinangwa chophika, ndi ndowa ya thobwa. Apa panabuka nkhani: kodi thobwa lopangidwa ndi chimanga cha pamsika chija silikuphwanya mfundo? Komiti inakhala pamthunzi, inakambirana mozama thukuta likutsika, maso ali pandowa, ndipo inagamula kuti mfundo inanena za mowa, thobwa silinatchulidwe. Amayi oonerera aja anabwerera kwawo ndi chisoso ndi bonongwe m'zitenje, ndiwo zimene zinasowa m'minda yopoperedwa. Ngakhale a Esteri anayamba kukhululuka za mgolo.

Anapaliranso kachiwiri, kenako anabandira. Masabata amenewo a Dainess anali osangalala, ndipo anaimbira mwana wawo kuti za ku Ndirande aiwale kaye. Amene ankalima kuposa onse anali a Lenard. Ankamaliza mzere wawo n'kulowa wa mnzawo, osayang'ana kumbali, osaponya nthabwala, zomwe sizinali khalidwe lawo. A Dainess anaonanso kuti dzuwa likakula amuna onse ankavula malaya n'kuwakoleka pachitsamba, koma a Lenard ayi. Sanafunse.

Anakolola komiti ikuonerera. Anatonola, naviika china kuti chimere, nachiyanika, nachisinja kukhala chimera. Anagula mbiya ziwiri zazikulu kwa mayi wina woumba, ndipo mowa unagona m'dothi monga ankachitira mayi awo. Loweruka lina la mu Juni, chiperoni chitangokanganuka, kansalu kanakweranso pansungwi. Anthu anabwera ochuluka kuposa kale, ndi makalaliki omwe, poti mbiri ya mowa wa khasu inali itafika mpaka ku Chitakale.

Chipanda choyamba chinapita kwa a Lackson, monga mlangizi. Anamwa, natsinzina, namwanso. Bwalo lonse linadikira.

"Ndi wabwino," anatero pomaliza. "Koma wa mumgolo uja unkaluma bwino pakhosi."

Anthu anafa nako kuseka, ndipo a Dainess anawathamangitsa ndi mthiko kuzungulira benchi. Nyimbo zinayamba, mikangano ya mpira inayamba, wina anali atayamba kale kutsuka zipanda chifukwa cha ndewu. Koma khutu la a Dainess limadziwa mawu a pabwalo pawo monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake, ndipo mawu a munthu mmodzi ankasowa. Tcheyamani sanali pamenepo. A Dainess anasuzumira kumsewu, nawaona ataima kuseri kwa mpanda, njinga ili m'manja, atavala ovolosi ya kuntchito. Tsiku limenelo kampani inali itawagwiritsa ntchito mpaka masana.

A Dainess anatunga chipanda chodzaza, napita nacho.

"Alamu, mwaima ngati munthu wobwera kudzapepesa maliro. Mowa wanu uwu, munaulima nokha. Landirani."

A Lenard anatsamiritsa njinga kumpanda, nabisa manja kumbuyo. "Sindingagwire, alamu. Chipanda chimazungulira anthu. Pampu yanga ikudontha chiyambire chaka chatha. Lero yandinyowetsa msana wonse, ndipo pampopi wa kuntchito panalibe madzi."

A Dainess anazungulira, nayang'ana. Ovolosi inali yonyowa kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, ndipo pomwe kolala inatseguka, khungu linali losendeka, zilonda zakale ndi zatsopano pamodzi.

"Akapitawo munawauza?"

"Ndinawauza. Anati pageti pali anthu ambiri ofuna pampu yomweyo." A Lenard anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anayankhula motsitsa mawu. "Tsiku lija Isake akuwerenga foni, ine ndinaseka pakamwa pokha. Mumtima ndinati, ngati azungu akuopa kadontho m'botolo, nanga ine amene ndimasambamo? Kuntchito sindingakane, ana adya chiyani? Pakhomo panu pokha ndi pomwe ndikanatha kunena kuti ayi, wina n'kundimvera. Ndakuzunzani, alamu. Mantha anga ndinatulira inu."

Miyezi yonseyi a Dainess anali atasunga mawu akuthwa, owanola bwino, oti adzawalase nawo tsiku ngati limeneli. Onse anawathawa. Chimene chinatsala chinali chisoni chachikulu, ndi mkwiyo umene sunali wolunjika kwa munthu amene anaima patsogolo pawoyo.

Anaika chipanda pamwala, nalowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa ya madzi, sopo, ndi malaya oyera a malemu a Evance amene anakhala pansi pa sutikesi zaka zonsezi osakhudzidwa.

"Vulani kumtundako, muwerame. Misana ya amuna ndinaiona yambiri m'munda wa tiyi, wanuwu si wodabwitsa."

A Lenard anagwada kuseri kwa mpanda, natsitsa ovolosi mpaka m'chiuno, nadzipaka sopo mosamala, akuluma mano pomwe panali zilonda. A Dainess ankathira madzi ndi chikho.

"Nanga Lolemba, alamu?" anafunsa a Lenard madzi akuyenderera m'makutu. "Lolemba ndikaiberekanso pampu ija."

Kubwalo kuja a Isake ankakuwa kuti tcheyamani abwere adzayankhule, ndipo anthu ankaomba m'manja. A Dainess anangopitiriza kuthira madzi pang'onopang'ono pamsana wosendekawo, thovu litatha kale, mpaka ndowa inauma.